Akufuna kukamanga mudzi ku Mars, koma nkhani yakula ndi ya munda

Mu 1965 chombo cha ku Amereka chotchedwa Mariner 4 chinadutsa pafupi ndi Mars n'kutumiza zithunzi zoyamba zojambulidwa chapafupi. Kuyambira nthawi imeneyo maiko akhala akutumizako makina. Amereka, Russia, maiko a ku Ulaya, India, China ndi United Arab Emirates onse anatumizako zombo zawo. Munthu yekha ndiye sanapondeko. Koma alipo ena amene akunena kuti nthawi yakwana yoti anthu apiteko, amange mudzi, abereke ana, ndipo m'kupita kwa zaka asinthe dziko lonselo kuti lifanane ndi lathu lino.

Mmodzi wa iwo ndi Elon Musk, mkulu wa kampani ya maroketi ya SpaceX, amene anabadwira ku Pretoria. Mu 2016, pa msonkhano wa ku Guadalajara m'dziko la Mexico, mkuluyu analengeza maganizo ake omanga mzinda wa anthu 1 miliyoni ku Mars, ndipo anati anthu oyamba akhoza kunyamuka mu 2024. Chaka chimenecho chinafika n'kudutsa, palibe ananyamuka.

Abale owerenga, anthu akamakamba nkhani imeneyi amachulutsa za maroketi. Roketi ntchito yake ndi kufikitsa munthu. Akafika, adzadya chiyani? Adzamwa chiyani? Adzapuma chiyani? Mafunso amenewa ndi a mlimi, ndipo mpaka lero ndi amene akuwasowetsa tulo akatswiri.

DZIKO LAKE NDI LOTANI?

Mars, amene m'Chipwitikizi amati Marte, amaoneka usiku ngati nyenyezi yofiirira. Si nyenyezi ayi. Ndi dziko lozungulira dzuwa monga lathuli, la chinayi kuchokera ku dzuwa. Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo limene lili m'fumbi lake. Kukula kwake, poyeza kuchokera mbali ina kufika mbali inzake, ndi pafupifupi theka la dziko lathu.

Zina n'zofananako ndi kuno. Tsiku la kumeneko ndi la maola 24 ndi maminiti 39. Kuli nyengo yozizira ndi nyengo yofundirako. Koma chaka chake ndi cha masiku 687, ndiye kuti nyengo iliyonse imatalika pafupifupi kawiri.

Zosiyana ndi zambiri. Mphamvu yokokera zinthu pansi ndi yochepa, moti thumba la chimanga la makilo 50 kumeneko lingamveke ngati la makilo 19. Kuwala kwa dzuwa kumene kumafikako sikukwana theka la kumene timalandira kuno. Kuzizira ndiye kosanena. Madzi amaundana pa madigiri 0, koma ku Mars mlingo wa pakatikati ndi madigiri pafupifupi 60 kunsi kwa 0. Masana ena kumafundako mpaka madigiri 20, usiku wake chisanu n'kubwerera.

Mpweya wake ndi wopyapyala kwambiri, sukwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 100 a mpweya wa kuno. Pa wochepawo, magawo 95 pa 100 alionse ndi kaboni daiokisaidi, mpweya umene timatulutsa tikamapuma ndiponso umene umatuluka moto ukamayaka. Okosijeni, mpweya umene umatisunga ndi moyo, uliko wongolawa. Munthu atatuluka panja wopanda chovala chapadera angakomoke miniti imodzi isanathe.

ULENDO WAKE

Mars akayandikira kwambiri amakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 56 miliyoni. Akatalikira amafika pa 400 miliyoni. Chifukwa cha ichi mpata wabwino wonyamukira umapezeka kamodzi pa miyezi 26 iliyonse, ndipo ulendo wopita wokha umatenga miyezi 6 mpaka 9. Ngakhale uthenga wa pa wailesi umachedwa. Mawu amatenga maminiti 3 mpaka 22 kuti afike, yankho n'kutenganso nthawi yomweyo. Wina akadwala mwadzidzidzi, dokotala wa kuno sangamuthandize pa nthawi yake.

Thupi nalo limavutika m'njira. Munthu akakhalitsa m'mlengalenga, m'mene zinthu zimangoyandama, minofu imafooka ndipo mafupa ena amatha ndi gawo limodzi pa 100 mwezi uliwonse. Dokotala wa ku Russia, Valeri Polyakov, anakhala masiku 437 m'chombo cha Mir kuyambira mu 1994 kufika mu 1995, pofuna kuona ngati thupi lingapirire nthawi ya ulendo wa ku Mars. Anabwerako wamoyo ndi wamphamvu ndithu. Koma iye anali pafupi ndi dziko lathu, m'kati mwa chitetezo chake.

Chitetezo chimenechi ndi mphamvu ya maginito imene imazinga dziko lathu, pamodzi ndi mpweya wochindikala. Ziwirizi zimatitchinjiriza ku cheza choopsa chochokera ku dzuwa ndi ku nyenyezi zakutali, chimene chimayambitsa khansa. Galimoto yofufuza ya Curiosity, imene inatera ku Mars mu 2012, inayeza cheza chimenechi ili m'njira. Zotsatira zake zinaonetsa kuti ulendo wokha wopita ndi kubwera ungampatse munthu cheza choposa mlingo umene bungwe la NASA, loona za m'mlengalenga ku Amereka, limalola kuti wantchito wake alandire pa zaka zake zonse za ntchito. N'chifukwa chake ambiri amati nyumba zoyamba za ku Mars zidzakhala za pansi pa nthaka, kapena zokwiriridwa ndi dothi lochindikala.

ANAYESA KALE KU ARIZONA

Popeza panja sangakhale, anthu a ku Mars adzayenera kukhala m'nyumba yotsekedwa ponseponse, momwemo munda, momwemo madzi, momwemo mpweya. Zimenezi zinayesedwapo pansi pompano, ndipo zimene zinachitika n'zoyenera kuzimva.

Ku Oracle, m'chipululu cha Arizona ku Amereka, anamanga chinyumba cha magalasi ndi zitsulo chachikulu kuposa hekitala imodzi, n'kuchitcha Biosphere 2. Ndalama zake, madola oposa 150 miliyoni, anapereka ndi munthu wina wolemera wa ku Texas, Ed Bass. M'kati mwake anaikamo nkhalango, tchire, dambo, kachipululu ndi kanyanja kokhala ndi nsomba. Anaikamonso munda wosakwana theka la hekitala, mbuzi, nkhuku ndi nkhumba.

Pa 26 Seputembala 1991 amuna 4 ndi akazi 4 analowamo, chitseko n'kutsekedwa. Pangano linali loti akhalemo zaka ziwiri, akudya zolima okha, akumwa madzi omwewo obwezabweza, akupuma mpweya wopangidwa ndi zomera za momwemo.

Analima mbatata, nyemba, khobwe, mtedza, mpunga, mapira, tirigu, nthochi ndi mapapaya. Koma zaka zimenezo kunachita mitambo yambiri, magalasi nawo ankachepetsa kuwala, ndipo tizilombo tinagwira mbewu zina. Njala inalowa. Onse anawonda kwambiri m'chaka choyamba. Anadya mbatata mpaka zikhatho zawo zinasanduka zachikasu. Nthochi zinkatsekeredwa m'chipinda chokiya. Pa mapeto pake anayamba kudya mbewu imene anasungira kubzala, chinthu chimene mlimi aliyense amadziwa tanthauzo lake. Pa zakudya zonse zimene anadya m'zaka ziwirizo, zolima okha zinali magawo pafupifupi 80 pa 100. Zotsalazo zinachokera m'zosungidwa.

Vuto lalikulu koposa linali la mpweya. Kuno okosijeni ndi magawo 21 pa 100 a mpweya umene timapuma. M'chinyumbamo unayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo patatha miyezi 16 unafika pa magawo 14. Anthu aja ankapuma mwawefuwefu pokwera masitepe, tulo tinkawavuta, ena ankalephera kumaliza chiganizo osapumira. Mu Januwale 1993 oyang'anira ntchitoyo anagonja, n'kupopera okosijeni kuchokera kunja.

Kodi mpweyawo unkapita kuti? Akatswiri atafufuza anapeza kuti omanga anathira manyowa ochuluka kwambiri m'dothi pofuna zokolola zambiri. Tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso, timene timawoletsa manyowa, tinkapuma okosijeni wambiri n'kumatulutsa kaboni daiokisaidi. Zomera zikanatha kuusandutsanso okosijeni, koma simenti ya makoma inkaumwa zomerazo zisanaupeze. Palibe anaganizirapo za simenti pomanga.

Zamoyo zina nazo zinatha. Njuchi ndi tizilombo tina tonyamula mungu tinafa. Pa mitundu 25 ya tinyama ting'onoting'ono ndi mbalame, mitundu 19 inatheratu. Zimene zinaswana ndi mphemvu ndi nyerere. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ku Arizona mawuwa anakwanira ndendende. Anthu 8 aja anagawikanso pawiri chifukwa chosagwirizana za kayendetsedwe ka ntchito, ena mpaka osalankhulana, ngakhale munda ankalimabe limodzi. Anatuluka onse amoyo pa 26 Seputembala 1993.

Mu 1994 gulu lachiwiri la anthu 7 linalowamo, makoma a simenti atamatidwa. Iwowa anakwanitsa kudzidyetsa okha, koma anangokhalamo miyezi 6 chifukwa cha mkangano wa eni ntchito. Mu 2011 chinyumbachi chinakhala cha yunivesite ya Arizona, imene imachigwiritsa ntchito pofufuza za nyengo, madzi ndi dothi.

Tisaiwale kuti zonsezi zinkachitika pansi pompano, dothi lake lachonde, dzuwa lake lathu lomweli, magetsi akuchokera kunja, chipatala chili pafupi. Mmodzi wa akazi aja atadulidwa chala ndi makina opunthira mpunga, anamutulutsa kupita naye kuchipatala. Ku Mars kulibe chitseko chotulukira.

DOTHI LAKUFA

Dothi limene timalima kuno ndi lamoyo. Muli zowola za masamba ndi mizu, muli nyongolotsi, chiswe ndi tizilombo tosawerengeka. La ku Mars ndi miyala yoperesedwa chabe. Komanso mu 2008 chombo cha Phoenix chinapeza kuti lili ndi mchere wa poizoni wotchedwa perchlorate, umene umasokoneza chithokomiro cha munthu ndi kufooketsa zomera. Asanabzale chilichonse, adzayenera kulitsuka dothilo ndi madzi ambiri kapena kupeza tizilombo todya mcherewo.

Pali zolimbikitsa ndithu. Ku yunivesite ya Wageningen, m'dziko la Holland, akhala akubzala mbewu m'dothi la ku mapiri ophulika lofanizira la ku Mars kuyambira mu 2013. Tomato, nsawawa ndi mbewu zina zinabereka atasakaniza dothilo ndi udzu wowola kapena manyowa, ndipo mu 2017 nyongolotsi zinaswana m'menemo. Koma dothi loyeseralo linalibe poizoni uja.

Ku Lima, m'dziko la Peru, bungwe lofufuza za mbatata la International Potato Center linayesa mbatatesi, yomwe ija imalimidwa kwambiri ku Angónia ndi ku Tsangano. Anatenga dothi louma ndi lamchere la m'chipululu cha Pampas de La Joya, ndipo mu 2017 analengeza kuti mitundu ina yopirira inamera n'kuika mbatata, makamaka atawonjezera dothi lachonde. Ku Beijing, m'dziko la China, ophunzira 8 a pa yunivesite ya Beihang anasinthana m'magulu awiri kukhala m'nyumba yotsekedwa masiku 370, kuyambira mu 2017 kufika mu 2018. Ankalima tirigu, mbatatesi ndi ndiwo za masamba pa kuwala kwa magetsi, ndipo ankaweta mphutsi zodyedwa pa mapesi otsala.

MADZI NDI MPWEYA

Madzi ku Mars aliko, koma ndi oundana. Ali ku mathero a dzikolo kumpoto ndi kumwera, ndiponso pansi pa nthaka m'madera ambiri. Phoenix yemwe uja anakanda pansi n'kuwapeza. Adzafunika kukumbidwa, kusungunulidwa ndi kusefedwa, ndipo zonsezi zimadya magetsi. Kubweza madzi ogwiritsidwa kale ntchito ndiye anakudziwa. Mu 2023 NASA inalengeza kuti m'chombo chachikulu cha International Space Station anafika pobweza magawo 98 pa 100 a madzi, kuphatikizapo thukuta ndi mkodzo.

Okosijeni naye anayesa kumupanga komweko. Galimoto ya Perseverance, imene inatera pa 18 Febuluwale 2021, inanyamula kabokosi kotchedwa MOXIE kamene kankaswa kaboni daiokisaidi n'kutulutsa okosijeni. Kanagwira ntchito maulendo 16 kufika mu 2023, n'kupanga magalamu 122 onse pamodzi. Munthu wamkulu amafuna magalamu oposa 800 pa tsiku, ndiye kuti zonse zimene kanapangazo sizingamusunge maola 4. Komabe kanaonetsa kuti njirayo ndi yotheka. Chotsala ndi makina aakulu kambirimbiri ndi magetsi osazima.

Magetsiwo ali ndi mdani wake, fumbi. Zaka zina chimphepo cha fumbi chimaphimba dziko lonse la Mars kwa milungu yambiri. Cha mu 2018 chinatseka dzuwa mpaka galimoto ya Opportunity, imene inkayendera mphamvu ya dzuwa kuyambira mu 2004, inazima osadzukanso. Galimoto ikazima anthu amangodandaula. Koma magetsi atazima m'mudzi, mpweya, madzi ndi munda zingaimire limodzi.

KUSINTHA DZIKO LONSE

Maloto aakulu ndi oti tsiku lina anthu adzatuluke m'nyumba zotsekedwazo n'kumayenda panja. Ntchito yosintha dziko lina kuti lifanane ndi lathu amaitcha terraforming, mawu amene anayambitsa ndi wolemba nthano wa ku Amereka, Jack Williamson, mu 1942. Ganizo lake n'lakuti choyamba alitenthetse dzikolo. Likafunda, madzi oundana asungunuke, mpweya uchindikale, ndiyeno abzale ndere ndi tizomera tolimba, timene pang'onopang'ono tidzapange okosijeni.

Chiyembekezo chimachokera pa mbiri ya Mars yemweyo. Zaka zoposa 3 biliyoni zapitazo kunali mitsinje ndi nyanja. Makwawa ake akuonekabe, ndipo pamene Perseverance inatera, ku Jezero, panali nyanja yothiramo mtsinje. Koma Mars anataya mphamvu yake ya maginito, ndipo chombo cha MAVEN, chimene chinafikako mu 2014, chinaonetsa m'mene mphepo yochokera ku dzuwa yakhala ikukokololera mpweya wake kunka nawo m'mlengalenga.

Mu 1991 akatswiri atatu, Christopher McKay, Owen Toon ndi James Kasting, anawerengera kuti kutenthetsa Mars kungatenge zaka pafupifupi 100, koma kuti zomera zipange okosijeni wokwanira munthu kupuma kungatenge zaka ngati 100,000. Mu 2015 Elon Musk ananena pa wailesi ya kanema kuti njira yachangu ndi kuphulitsa mabomba a nyukiliya pamwamba pa madzi oundana aja. Koma mu 2018 Bruce Jakosky ndi Christopher Edwards anawonkhetsa kaboni daiokisaidi yense amene angapezeke ku Mars, wa m'madzi oundana, m'dothi ndi m'miyala ya pamwamba. Anapeza kuti ngakhale atamasulidwa yense, mpweya wa kumeneko ungafike pa magawo 7 okha pa 100 a mpweya wa kuno. Iwo anati ndi luso limene lilipo, ntchitoyi singatheke.

Ena sanagwe mphwayi. Mu 2024 akatswiri a ku yunivesite za Chicago ndi Northwestern anafalitsa ganizo lowaza m'mwamba timizere tosaoneka ndi maso ta chitsulo ndi aluminiyamu, zimene zili kale m'dothi la ku Mars, kuti tizisunga kutentha. Mwa kuwerengera kwawo dzikolo lingafunde ndi madigiri pafupifupi 30. Izi zinali za pa kompyuta, sizinayesedwe kumeneko, ndipo eni akewo anati kufunda kokha sikupatsa munthu mpweya wopuma.

MWINI WAKE NDANI?

Palinso nkhani ya malamulo. Pangano la maiko la mu 1967 limaletsa dziko lililonse kutenga mwezi kapena dziko lina lakumwamba kukhala lake. Koma mzinda ukamangidwa ndi kampani, ndipo kampaniyo ndi imene ikugawa mpweya, wokhalamo angadandaule kwa yani? Ena akufunsanso ngati n'koyenera kuthirako zamoyo za kuno tisanatsimikize ngati pansi pa nthaka ya Mars pali tizilombo ta komweko. Tikakafikitsako tathu, umboni wake ukhoza kusokonekera mpaka kalekale.

Otsatsa malonda nawo sagona. Mu 2012 kampani ina ya ku Holland yotchedwa Mars One inalengeza kuti itumiza anthu ulendo wopita wokha, wosabwerera. Anthu zikwizikwi a m'maiko ambiri analembetsa, ena n'kulipira ndalama. Kampaniyo inalibe roketi ngakhale imodzi, ndipo mu Januwale 2019 khoti linagamula kuti yagwa ndi ngongole.

Tsono tinene chiyani, abale owerenga? Kuti anthu ochepa akaponde ku Mars, akhale miyezi ingapo akudya za m'zitini n'kubwerako, akatswiri ambiri amati n'zotheka ngati ndalama zitapezeka. Kuti pakhale mudzi wodzidyetsa wokha, wosadikira chombo cha pa miyezi 26, ntchito yake idakali ya m'nyumba zoyesera, ndipo anthu ake sanapitirire 8. Kuti dziko lonselo limere msipu, imeneyo ndi nkhani ya mibadwo yosawerengeka.

Ambiri mwa inu mukukumbukira kubwerera kumabwinja nkhondo itatha mu 1992. Nyumba zinali zitagwa, minda itasanduka thengo, mbewu ndi makasu zochita kulandira. Zinali zowawa. Komabe dothi munalipeza lamoyo, mvula inagwa, njuchi zinabwera zokha pa maluwa a maungu, ndipo mpweya palibe anaugula. Wopita ku Mars zinthu zinayi zimenezi adzayenera kuzipanga yekha, tsiku ndi tsiku, osaphonya ngakhale limodzi. Ku Arizona, ndi madola 150 miliyoni, anakwanitsa kupanga madzi okha mosapempha thandizo kwa zaka ziwiri.